Mkazi Mnzanga wa Nthenga

Mayi a mapasa ankakatchula kachinkhwe ka amuna awo kuti "mkazi mnzanga." Kanali kobiriwira, kofiira kumaso, kochepa ngati chibakera cha khanda, koma nsanje yake yosasimbika. Kankakhala paphewa pa bambowo n'kumawaseweretsa khutu, koma mayi akangoyandikira kankaimika nthenga n'kuwaluma.

Bambo atagonekedwa m'chipatala, kachinkhweko kanayamba kukana chakudya. Kankadzizula nthenga pachifuwa mpaka khungu kuonekera. Mayi sanawauze odwalawo, poopa kuwawonjezera matenda.

M'mawa wina akukasinthira madzi, foni inalira kuchipinda. Anaganiza kuti ndi kuchipatala. Anathamangira, chitseko cha kakhola kake n'kuchisiya chosatseka. Woimbayo anali munthu wosokoneza nambala. Pobwerera pabalaza anapeza kachinkhwe kali m'malere, kakuwomba makoma, fani ya kudenga ikuzungulira mwamphamvu, zenera lili chitsegukire.

"Apongozi! Bwerani msanga!"

Mkazi wa mwana wawo anatulukira kukhitchini, thaulo lili m'manja.

"Ndikaponyere ili, amayi?"

"Ayi, mungakathyole phiko. Zimitsani fani. Osathamanga, kangadzidzimuke."

Fani inazima, koma mipeni yake inkazungulirabe mwaulesi. Kachinkhwe kanadutsa pansi pake penipeni, nthenga imodzi n'kugwa pang'onopang'ono. Kenako kanakatera pachitsulo cha katani, pamwamba pa zenera lotsegulalo. Kanapendeketsa mutu, kumvetsera mbalame za panja. Pampanda, mphaka wa aneba anasiya kudzinyambita.

Mayi anatapa mpendadzuwa m'chitini n'kutambasula dzanja.

"Bwera, mkazi mnzanga," anatero motsitsa mawu. "Tidane bwinobwino m'nyumba mom'muno. Ukathawa ndikawauza chiyani bambo?"

Kanawayang'ana ndi diso limodzi. Kanasendera cha kuzenera, n'kubwereranso. Mkono unayamba kulemera, koma sanautsitse. Mpongozi uja ankayenda chokwawa m'mbali mwa khoma, kulunjika kuzenera.

Mwadzidzidzi kanauluka n'kudzatera padzanja pawo, ndipo pompo kanamiza mlomo m'chala chachikulu. Ululu unafika mpaka m'khwapa. Mayi analuma mano, misozi ili mbwembwembwe, koma dzanja sanaligwedeze.

Zenera linamveka kuti khwa!

"Ndatseka, amayi. Mayo ine, magaziwo!"

"Asiyeni atuluke. Khalani pansi kaye."

Patapita kanthawi kachinkhwe kanasiya chalacho. Kanatola njere imodzi, kuiswa, khoko n'kulilavulira pamkono pawo. Kanatolanso ina. Mayi anakhala choimirira mpaka m'manja munatsala makoko okhaokha.

Masana omwewo anachotsa kakhola pakona pamene kankakhala kokha, n'kukakaika pafupi ndi makina awo osokera, kuti kazikhala pomva mawu a munthu. Bambo anakhalitsa m'chipatala. Kuluma kachinkhweko sikanasiye, moti zala za mayi zinkakhalira mabandeji, koma pachifuwa pake panayamba kumera tinthenga tatsopano.