Batire la a Zitsika

Amuna anga anthu ankawatchula kuti a Zitsika. Anali mmisiri wa zamagetsi, ndipo ntchito yawo inali kuika mabatire m'nyumba za mabwana, aja osunga moto kuti magetsi akathima firiji izingolirabe. Kwathu kunalibe. Ndikawakumbutsa ankangoseka. "Mayi, musapupulume. Zitsika mtengo zimenezi." Chondiwawa n'chakuti sankanama. Mafoni anatsika, tinagula. Wailesi yakanema inatsika, tinagula.

Kenako mapapo awo anatopa. Bwana wina wachifundo anatipatsa makina owapopera mpweya, olumikiza kumagetsi, tinawaika pambali pa bedi. Ndinawagwira mwendo amuna anga kuti tigulitse njinga yawo yamoto, tigule batire limodzi lokha.

"Njingayo ndiye khasu lathu," anatero uku akupuma mobanika. "Ndikachira ndidzayendera chiyani? Tidikire chaka chimodzi basi."

Ndinawamvera, ine chitsiru. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene anayambitsa mawu amenewa sanadwazikepo munthu.

Lachitatu lina masana, ndikusita zovala, magetsi anathima. Makina aja analira katatu n'kukhala chete. Ndinathamanga khomo ndi khomo kufunafuna galimoto, nsapato osavala. Pomwe imapezeka n'kuti zonse zitatha. Magetsi anayaka amuna anga tikuwafunditsa nsalu.

Papita zaka zinayi. Mabatire aja tsopano ali mbwee pasitolo yapakona, pambali pa ndowa ndi matsache. Mwana wathu wamkazi wandigulira limodzi ngati akugula ketulo, ndipo dzulo mnzawo wa malemu, amene ankagwira nawo ntchito, anabwera kudzaliika.

"Tilumikizeko chiyani, alamu? Firiji?"

"Bwerani kuchipinda kuno."

Makina aja ndinali ndisanawasunthepo, ndinkangowapukuta fumbi. Alamu anawayang'ana, n'kundiyang'ana ine. Analumikiza mawaya, kenako anatuluka kukathimitsa magetsi a nyumba yonse kuti tiyese.

Babu linathima. Firiji inaleka kulira. Koma makinawo sanaphethire n'komwe, anangopitiriza kupopera mpweya pa pilo wopanda munthu. Ndinapsa mtima, ndinamvanso chisoni, mpaka ndinangokhala pansi n'kutsamira bedi.

"Zatsikadi, bambo," ndinatero. "Dzukanitu muone."