Pepala la Narciso

Mwamuna wanga Narciso anatha miyezi isanu ndi itatu kwa mkazi wina ku Cassacatiza. Lachiwiri masana anangotulukira, atanyamula nsalu ya kapulana yatsopano, pepala ndi kabokosi ka inki.

"Dinda chala apa," anatero. "N'zakusukulu kwa Sónia."

Pepalalo linali la m'Chipwitikizi. Ine ndinakulira ku Zambia nthawi ya nkhondo, Chipwitikizi sindiwerenga, ndipo iye amadziwa. Nanga kapulana, munthu woti sanandigulirepo ngakhale mpango?

"Mwana wanuyo ali kalasi yanji?" ndinafunsa.

"Yachitatu."

Sónia ali yachisanu. Ndinalipinda pepalalo n'kulibisa m'bulauzi.

M'mawa mwake ndinakwera mota, njinga yamoto ija, kupita ku Chifunde kwa Dona Odete, amene amathandiza amayi pa milandu ya banja. Anawerenga kawiri, n'kuvula mandala.

"Mayi, za sukulu mulibe muno. Akuti mwavomera kuti ukwati uthe, ndipo munda mwawasiyira iwo."

Munda wa amayi anga, mkamwini atenge? Ankhoswe osamva n'komwe!

Pobwera ndinampeza Narciso pakhonde, inki ili chitsegulire. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga khasu lomwe anabwera nalo pa chikamwini, n'kulikulunga m'kapulana ija.

"Munabwera ndi ili, bambo. Chanu pano n'chomwechi."