Ndiwo Zopanda Mchere

Mayi Anastazia ankaswa mtedza pakhonde pamene namwino Tabeth anatsika panjinga, kabuku kakale ka kuchipatala kali m'manja. Linali tsiku lachisanu chiikireni mwana wawo Felix m'manda.

Kuseri kwa nyumba, Tionge, mkazi wa malemuyo, ankamanga katundu kuti abwerere kwawo ku Mkanda. Palibe anamuthamangitsa. Kungoti chichitikireni maliro, apongozi akewo sanalawe kanthu kochokera m'manja mwake, ngakhale madzi osamba amene ankawatenthetsera m'mawa uliwonse ankangozizira m'chidebe. Iwo anali ataona ndi maso awo: chaka chathunthu mtengwayo sankathira mchere m'ndiwo, ndipo miyendo ya Felix inkatupa. Mkazi woopa mchere ndiye kuti wayenda kumbali, ndipo kutupako ndi mdulo. Sanauze munthu. Ankangouza Mulungu.

"Amayi, mukukumbukira mankhwala ofiira aja a ku Lilongwe?" anafunsa Tabeth atakhala pamkeka.

Akanaiwala bwanji? Felix ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsaya litatupa ndi khansa, iwo anadinda chala papepala kuvomereza.

"Anapha khansayo, koma anafooketsa mtima pang'onopang'ono. Zimachitika kwa ena. Mchere tinamuletsa ndife."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Felix anatikaniza, kuopa kuti muzidziimba mlandu. Koma ndamva kuti Tionge akuchoka, ndiye sindingakhalenso chete."

Anatsegula tsamba lomaliza, pamene Felix analemba ndi pensulo, n'kuwawerengera: "Amayi asadziwe. Chala chawo chinandipatsa zaka makumi awiri."

Mayi Anastazia anayang'ana chala chawo chachikulu, chofiira ndi makoko a mtedza. Ankadikira kuti chisoni chiwagwetse, koma pachifuwa panangopepuka. Palibe anapha mwana wawo.

Anaitana Tionge. Anabwera n'kugwada chapatali.

"Inunso munkadya zopanda mchere zomwezo?"

"Eya, amayi. Akanadya okha bwanji?"

"Zinkadyeka?"

"Ayi ndithu. Iwo ankati, 'Tizoloweretu, kumwamba kulibe golosale.'"

Mayi Anastazia anaseka, misozi ikutsika. Mawuwo anali a Felix yemweyo. Anakankhira lichero pambali, anatsika pakhonde, nagwada pafumbi pamaso pa mtengwa wawo. Tionge anadzidzimuka n'kufuna kuwadzutsa, koma iwo anamugwira manja onse awiri. Analankhula mokweza, kuti ngakhale amayi odutsa popita kumjigo amve.

"Mwana wanga, ndinakuganizirani zonyansa. Masulani katunduyo. Mundikhululukire."