Msonkho wa Ulendo wa M'mawa

Galimoto inali yakeyake, koma imene inkaidya inali ntchito. Nesiyu ankayendera odwala m'makomo mwawo, kutsuka zilonda, kuyeza shuga, kutembenuza okalamba amene sadzuka okha. Bungwe limene linamulemba linalibe galimoto zokwanira, ndiye linkamupatsa kangachepe pa kilomita iliyonse imene wayenda.

Mwezi wina kangachepeko kanabwera kataphwa. Anakwera masitepe kupita ku ofesi ya malipiro, kachipinda kotentha momwe fani inkangopukusa mutu osatulutsa mphepo. Kalaliki, bambo wofiira maso ndi kompyuta, anamukokera mpando.

"Sitinakubereni, anesi. Ndi msonkho."

"Msonkho pa mafuta ogula ndekha?"

"Ulendo wochoka kwa wodwala uyu kupita kwa uyo ndi wa ntchito, sitiukhudza. Koma wochoka kwanu kupita kwa wodwala woyamba akuti n'kupita kuntchito basi, ngati wina aliyense. Tikakulipirani umenewo amauwerenga ngati malipiro, msonkho n'kulumako."

"Achimwene, wodwala wanga woyamba ali kutsidya kwa mlatho. Ulendo umenewo ndiye wautali kuposa onse."

"Ndikudziwa." Kalalikiyo anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Muziyamba mwafika kuno, musaine, kenako muzipita. Mukatero ulendowo ukhala wa ntchito."

"Kuno n'kum'mawa, iwo ali kumadzulo."

"Sindinalembe ndine malamulowa, mayi."

Anayesadi. Ankadzuka mbandakucha, kukakwawa pamzere wa magalimoto mpaka ku ofesi, kusaina kwa mlonda, n'kutembenuka. Msewu wa kumadzulowo unkadutsa pageti pake penipeni. Mwamuna wake, telala, ankakhala atatulutsa kale mashini pakhonde, ndipo ankakweza sizasi m'mwamba.

"Mwaiwalanso chiyani lero, amayi?"

Poyamba nesi ankaliza hutala n'kuseka. Kenako anasiya ngakhale kucheuka.

Wodwala woyambayo anali aphunzitsi opuma pantchito amene sitiroko inawaumitsa mbali imodzi. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, koma iyeyo ankalawirira kufakitale, podziwa kuti nesi ali m'njira. Tsopano nesi ankafika dzuwa litatentha kale malata. Aphunzitsiwo sankadandaula. Ankangoti, "Wabwera, mwana wanga? Ndimayesa wandilemba kuti ndajomba."

Tsiku lina anagogoda osamva yankho. Anatenga kiyi pansi pa mphika wa maluwa n'kulowa. Anawapeza ali gone pasimenti, pakati pa bedi ndi khomo la bafa, ndodo ili uko, thalauza itanyowa. Aphunzitsiwo anayang'ana kukhoma kuti asakumane naye maso.

"Ndinapirira," anatero ndi mawu olemera, "koma chikhodzodzo sichimva."

Nesi anawakweza movutikira, msana ukulira, n'kuwakhazika pabedi. Anafunditsa madzi, anawasambitsa, anawayang'ana chiuno ndi mutu. Panalibe chothyoka, chigongono chokha n'chimene chinasupuka. Atatuluka anakhala m'galimoto kanthawi, manja ali pachiwongolero, osaliza injini.

M'mawa mwake anakhotera kumadzulo atangotuluka pageti. Masana anaimbira kalaliki uja.

"Muzidula msonkhowo, achimwene."

"Mwaganiza bwino, anesi? Ndalamayo izichepatu ndithu."

"Muzidula."

Kumapeto kwa sabata anapita ndi galimoto kwa mlamu wake, makaniko, chifukwa magiya anali atayamba kukana. Mlamuyo analowa pansi pake, anagogoda uku ndi uku, n'kutuluka akupukuta girisi pa ovolosi.

"Alamu, galimotoyi yatopa kuposa inu. Klatchi yatha. Matayala akutsogolowa asalala ngati mutu wa apongozi anga."

"Ifika kumapeto kwa mwezi?"

"Mukamaipempha mwaulemu. Nanga abwana anuwo sakuonjezerani? Za makilomitazo zimagula mafuta okha, matayala sizimawadziwa."

"Azichepetsa kumene."

Mlamuyo anaimba kamluzu, n'kulowanso pansi kukamanga zomwe zikanamangika. Nesi anakhala pa tayala lakale pamthunzi wa mpanda, anavula nsapato, natambasula miyendo. Ankafuna kuimbira mwana wa aphunzitsi kuti agule mpando wachimbudzi woika pafupi ndi bedi. Tulo tinamuba foni ili m'manja, ndipo mlamu wake atamaliza anauza anzake kuti asiye kaye kumenya zitsulo.