Mtunda wa Thalauza Limodzi

Atelala ankasoka pakhonde la sitolo ya mapaipi, kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege. Ndege ankazidziwa ngati nkhuku zawo, koma kukwera ayi, ngakhale kukhudza tayala. Panali kandege kena koyera kopita kumzinda winawo. Kankanyamuka iwo akudula nsalu, n'kubwerako asanaike zipi. Ndiye m'mutu mwawo mzindawo unali pamtunda wa thalauza limodzi.

Lolemba mwana wawo wamkazi, namwino wogwira ntchito kunja, anaimba foni. Panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri osaonana, ndipo mdzukulu ankangomudziwira pafoni.

"Ababa, Lachinayi tidzasintha ndege kumzinda winawo. Tidzakhalapo kuyambira leveni mpaka wani koloko. Mubwere mudzamunyamuleko mwanayu."

"Pompa apa? Udzandipeza ndikukudikira."

Lachinayi anameta ndevu, anasita jekete, anamwa tiyi mwaubwana, chala chaching'ono chili m'mwamba. Nayini koloko ndiye anakagogoda kwa mlamu wawo woyendetsa takisi.

Mlamu atamva kopitako, mswachi unaima mkamwa.

"Alamu, kumeneko ndi maola sikisi. Komanso matayala akakhala kuti atimvera chisoni."

"Bodza. Kandege kaja kamapita n'kubwera ine ndisanamalize thalauza."

"Kandege kanuko kamakwera mabampu? Kamadikira ng'ombe ziwoloke? Bwanji osandiuza dzulo, akulu inu?"

Atelala anangoyang'ana nsapato zawo zopolisha. Mlamu analavula thovu, n'kutenga makiyi.

Msewu wake abale, ngati wojambulayo ankathawa njuchi. Unazungulira phiri, n'kubwerera kukalionanso. Pachitunda anakumana ndi chilole cha simenti chokwawa ngati nkhono yodwala msana, ndipo malo ochipitirira panalibe. Atelala anayamba kuponda pansi ndi phazi, kuponda, kuponda, monga amachitira pa mashini awo.

"Mubowola galimoto yanga," anatero mlamu. "Siyisoka imeneyi."

Atelala sanaseke. Maso anali pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu. Pamene ndege ya mwana wawo inkatera, chikwangwani chinati kwatsala makilomita mazana atatu. Patapita ola chikwangwani china chinangochotsapo pang'ono, ngati wogulitsa nyama woumira.

Hafu pasiti thwelofu foni inalira. Mlamu anaimika galimoto pamalo omwetsera mafuta, poti pamenepo ndi pomwe netiweki inkagwirako.

"Ababa, muli pati? Taima pakhomo lotulukira. Mwanayu ndamuveka bwinobwino."

"Tili pafupi, mama."

"Pafupi pati?"

Atelala anayang'ana uku ndi uku. Panali pampu ziwiri, mbuzi itagona pamthunzi, ndi mayi wina akupopa njinga.

"Sindikudziwa dzina lake," anatero.

Mwana wawo uja anatsegula kamera, n'kutembenuza foni. Kankhope konenepa kanadzaza galasi lonse, kakutafuna lamba wa chikwama.

"Nena kuti agogo. A-go-go."

Kamwana kanatsegula pakamwa, chithunzi n'kuuma pomwepo. Atelala anakweza foni m'mwamba, anayenda mpaka kumsewu, anakwera pamwala, jekete ili pendapenda. Mawu okha ndi amene anabwerera, odukaduka.

"Akutiitana, ababa. Tikulowa."

"Udzadutsanso liti?"

"Sindikudziwa. Mwina tchuthi china."

Anatsika pamwalapo pang'onopang'ono. Mlamu anali atatsegula kale chitseko, injini ikulira.

"Titembenuke, alamu?"

Atelala anakhala pampando, mwendo umodzi uli panja.

"Zimitsani kaye," anatero. "Mpaka wani koloko akadali m'dziko muno."