Matayala a Malemu

Amuna anga anamwalira osandiphunzitsa kuyendetsa galimoto. Chimenecho sindidzawakhululukira. Ntchito yanga inali kuwagwirira kachoyezera mpweya, iwo atagwada pa tayala, tiyi wawo akuzizira pawindo.

Ankati mpweya umayezedwa m'mawa, chifukwa tayala likatentha limanama. Ndikawanena kuti amakonda matayala kuposa mkazi, ankaseka n'kunena kuti mkazi saphwa.

Ndaphwatu ine, bwerani mudzaone.

Maliro atangotha, alamu anga, ang'ono awo a malemu, anayamba kuizungulira galimotoyo ngati galu pakhomo la butchala. Anati galimoto yongoima imawola, tsiku limene tayala lidzaphwe adzabwera kudzaikoka. Mwana wanga wamkazi ali ndi laisensi, koma ndinamuletsa kukhala pampando wa bambo ake. Mpandowo unali momwe anausiyira, kumbuyo kwenikweni, poti anali ndi miyendo ngati makwerero. Injini mwanayo ankailiza atakhala pampando wapambali.

Ndiye m'mawa uliwonse ndinkagwada pomwe ankagwada iwo, pa banga la oyilo. Kachitsekero ka valavu ndinkakaluma ndi mano ngati iwo, kuti kasasowe. Ndinkaponda pampu mpaka ntchafu kuwotcha.

Koma tayala lakumbuyo linayamba mwano. Kupopa m'mawa, madzulo lakhala pansi. Wokonza matayala wa pakona anati mphira wang'ambika ndi dzuwa, galimoto imafuna msewu osati pampu yokha.

Lamlungu alamu anatulukira, makaniko ali pambuyo, chingwe paphewa. Alamuwo anaponda tayalalo, ndipo linabonyoka.

"Mwaonatu, mlamu. Paja tinagwirizana."

"Munagwirizana ndi ndani? Chotsani phazi pa tayala la amuna anga."

Ndinakoka pampu, n'kuiponda iwo akuonerera, mpaka kachoyezera kanafika pomwe malemu ankafuna. Ndinalowa kuchipinda. Makiyi amakhala m'thumba la jekete lawo kuseri kwa chitseko, ndipo jeketelo likadanunkhirabe sopo wawo. Ndinatuluka msanga, n'kumuponyera mwana wanga makiyiwo, n'kumuuza kuti atiperekeze kwa wokonza matayala lisanaphwenso.

Anandiyang'ana kaye. Kenako analowa, n'kupisa dzanja pansi pa mpando, kuukokera kutsogolo.

Kaphokoso kake n'kakang'ono. Ine ndinayang'ana kuwindo.

"Amayi, ndiubweze?"

"Yendetsa, iwe. Mpweya ukutha."