Waya wa pa sikulu yakuda

Adokotala anati mwana wanga akatuluka m'chipatala asaone kuwala kwambiri kwa milungu iwiri, mpaka diso lomwe anachita opaleshoni lipole. Babu la mukolido mwathu limawala ngati la m'sitolo, ndipo popita kuchimbudzi njira ndi yomweyo. Ndinagula swichi yopotokola, ija umachepetsera kuwala.

Koma babu limenelo lili ndi maswichi awiri, ina pakhomo, ina kumapeto kwa kolido. Ndinati tiitane wamagetsi. Amuna anga anakana.

"Timawaya titatu basi, mpaka kuitana munthu?"

Pobwera koyanika zovala ndinapeza swichi yakale ili patebulo, mawaya atatu ali lendelende pakhoma, onse ofiira.

"Unali pa sikulu yakuda ndi uti?" ndinafunsa. Wam'sitolo anali atandiuza kawiri konse kuti waya womangidwa pa sikulu yakuda ya swichi, kamsomali kopotokola kaja, ndiwo mwini nkhani, tiuike chizindikiro tisanamasule. Ine ndinawauza katatu.

"Ndikuukumbuka, mayi."

Analumikiza, n'kukayatsa pamita. Babu linayaka. Anandiyang'ana ngati agoletsa chigoli. Ndinapita ku swichi inayo, n'kudina. Mdima. Iwo anapotokola yawoyo uku ndi uku, babu lili zii.

"Mwagula yolakwika," anatero.

Nthawi inali itadutsa 2 koloko. Achemwali anga anali atanyamuka kale kuchipatala ndi mwanayo.

"Kazimitseni pamita, muime pomwepo wina asayatse," ndinawauza.

"Inu za magetsi mumadziwapo chiyani?"

"Palibe. Koma kuwerenga mpaka atatu ndimatha."

Waya wawo uja ndinauchotsa pa sikulu yakuda, n'kuikapo wachiwiri. Ndinawauza ayatse. Zomwezo, mbali imodzi yokha. Anazimitsanso. Sikuludiraiva inandithyola chikhadabo, msana ukuwawa chifukwa chogona pampando wa m'chipatala masiku anayi. Ndinaika wachitatu.

Linayaka. Ndinayenda kolido yonse kawiri, kudina uku, kudina uko, konse likumvera. Nditapotokola, kuwala kunatsika mpaka kukhala ngati kwa kandulo. Ndinawazimitsitsanso, n'kukulunga wayawo ndi kapulasitala ka m'thumba la mankhwala a mwana ngati chizindikiro, ndisanatseke chivundikiro.

Atafika, mwanayo anaima pakhomo dzanja lili kumaso. Kenako analitsitsa pang'onopang'ono, n'kuyenda yekha mpaka kuchipinda.

"Takonza tokha, alamu," amuna anga anauza achemwali.

Ine ndinatuluka. Kunja kunali kutayamba kuwaza, zovala zili pachingwe.